Munda wa Irulandi, Potembenukira Basi

Mlongo wanga Irulandi anali woswa miyala. Anayamba ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo manja ake anakhakhala moti akakusisita pamutu umamva ngati wakandidwa. Sanali munthu wokoma kukhala naye, ndisaname. Anali wamtima wapachala, wouma mutu, ndipo mkazi wake Mookayi anathawirapo kawiri kwa makolo ake. Koma ine Pechi, ndikamva ana a masiku ano akunena kuti basi inafika kwathu chifukwa cha chifundo cha boma, ndimalavula pansi.

Mudzi wathu wa Thuvarankulam uli pawiri. Kumtunda kuli eni minda, kachisi wamkulu, sitolo ya tiyi ndi bwalo la mtengo wa bwemba. Kumunsi, kuseri kwa dziwe, kuli ife amene timawalimira, kuwakololera ndi kuwachotsera ng'ombe zikafa. Basi inkachokera ku tauni ya Melapettai kawiri pa tsiku, kuthera pa bwemba n'kutembenukira pomwepo. Ife tinkayenda mtunda wa makilomita awiri kukaikwerera kumeneko, nsapato zili m'manja, chifukwa munthu wa kumunsi savala nsapato mumsewu wa kumtunda. Tikafika tinkadikira eni ake akwere kaye, ife n'kulowa pambuyo ndi kuima mpaka kutauni, ngakhale mipando itatsala.

Irulandi atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anadzigulira nsapato za matayala. Kaya anaiwala kuvula kaya anachita dala, mpaka lero sindidziwa, koma anadutsa nazo pa bwemba zili kumapazi. Sangili, mwana wa bwana Ayyadurai amene tinkawalimira, anali wa msinkhu wake. Iye ndi anzake anamumangirira Irulandi kumtengo, kumuvula nsapatozo n'kumumenya nazo kumaso mpaka diso limodzi linatsekeka. Bambo athu anaima pomwepo, atatsitsa thaulo paphewa n'kulimanga m'chiuno posonyeza ulemu, akuthokoza abwana kuti amuphunzitsa mwana khalidwe. Titafika kunyumba anamumenyanso okha ndi mpini wa khasu, akulira. Kuyambira tsiku limenelo Irulandi sanakalimenso m'munda wa munthu wa kumtunda. Anasankha kukazinga msana padzuwa kumiyala kokha.

Bambo pomwalira anamusiyira kamunda ka theka la ekala, kamene boma linawapatsa kale, polowera penipeni m'dera lathu. Kanali kamiyalamiyala, koma kumunsi konse munthu wokhala ndi munda wakewake anali iye yekha. Mookayi ankadzalamo nandolo ndi mawere, ndipo ankayenda mosiyana ndi akazi ena chifukwa cha kamundako.

M'chaka cha 1991 kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa kusukulu ya kutauni, kudzawerenga anthu. Anayenda khomo ndi khomo masiku anayi. Tsiku lomaliza anakhala pamwala wopererapo mpunga pakhomo pathu, akupukuta thukuta, ndipo ananena mongocheza kuti kumunsi kuno tilipo 643 pamene kumtunda atsala 388. Zinali zoona. Ana awo anali atathawira kumizinda kukagwira ntchito za m'maofesi, nyumba zambiri za matailosi zinali zokhoma, pamene ife tinkangoswana m'tinyumba tathu taudzu.

"Mwati ochuluka ndi ndani, amayi?" anafunsa Irulandi.

"Inuyo, ndipo mwawaposa kutali."

"Ndiye basi imathera kwa ochepa chifukwa chiyani?"

"Ine ndimangowerenga anthu, bambo. Za basi kafunseni a basi."

Irulandi sankadziwa kuwerenga, koma anamuuza mayiyo kuti amulembere manambala awiriwo pakapepala. Kapepalako anapita nako ku ofesi ya mabasi maulendo khumi ndi limodzi. Ankamuthamangitsa, ankamudikiritsa panja mpaka madzulo, iye n'kubwereranso sabata yotsatira. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ulendo womaliza mkulu wa pamenepo anatopa naye.

"Tamvera iwe. Basi si mbuzi yoti ungaikoke ndi chingwe kuti itembenuke. Imafuna bwalo. Kwanuko kuli bwalo? Malo onse ozungulira ndi a anthu a kumtunda, ndipo sangakupatse ngakhale poponda phazi."

"Bwalo likapezeka, bwana, mulemba?"

"Likapezeka ndilemba," anatero mkuluyo akuseka, poganiza kuti wamumaliza.

M'mawa mwake tinadzuka ndi kulira kwa Mookayi. Irulandi anali m'munda, akuzula nandolo yemwe anali atachita kale maluwa. Mookayi anamugwira mwendo, anamuluma padzanja, anamutukwana mayina onse a makolo athu.

"Ana adya basi? Ndikufunsa iwe, mutu ngati mwala womwe umaswawo. Adya matayala?"

"Adya zimene ana a anzako amadya."

"Anzanga amapemphetsa kumtunda."

"Ndiye ukapempha utakwera basi."

Ine ndinali kumbali ya mlamu wanga, ndipo ndinamuuza mlongo wanga m'maso kuti wapenga. Iye anangopitiriza kuzula. Miyezi inayi yathunthu ankati akaweruka kumiyala n'kudzaswa ina m'munda mwake, kuyala, kusindira, kuthira dothi lofiira. Amuna ena anayamba kumuthandiza, ambiri ankangoonerera patali ngati ndi maliro a mlendo.

A kumtunda sanachedwe kuizindikira nkhaniyo. Sikuti ankadandaula za mafuta a boma ayi. Basi ikathera kumunsi, oyamba kukwera ndife, ndipo woyamba kukwera ndi amene amakhala pampando. Ndiye kuti mkazi wa bwana Ayyadurai adzalowe m'basi n'kupeza ine, wochotsa ndowe m'khola mwake, nditakhala, iye aime kapena agundane nane phewa. Kwa iwo amenewo anali malodza.

Tsiku lina tinapeza njira yodutsa m'mbali mwa dziwe atakumbapo ngalande yakuya mpaka m'chiuno. Tinaikwirira. Patapita masiku awiri inalipo ina. Ulendo wachitatu anabwera dzuwa likuswa mtengo, amuna oposa makumi awiri ndi zikwanje, makasu ndi ndodo zansungwi, n'kupeza amuna athu akukwirira. Panalibe zokambirana. Nkhalamba Chellan anaimenya ndodo pakamwa mano n'kugwera m'dothi. Mwana wa azakhali athu anamutema chikhatho pamene ankatchinga mutu. Irulandi anali ndi nyundo yake m'manja, ndipo anaigwetsera paphewa la msuweni wa Sangili. Ndinamva fupa likuthyoka ndili kutsidya la ngalande. Munthuyo analira ngati nkhumba, anzake n'kumunyamula kuthawa naye.

Madzulo ake apolisi anabwera, koma kumtunda anangomwako tiyi. Kwathu analowa nyumba ndi nyumba, kuswa miphika, kuthira palafini m'mpunga, kumenya aliyense wovala nsalu yachimuna. Irulandi anamusunga masiku asanu. Anabwerako zikhadabo ziwiri zakumapazi palibe, mapazi atatupa ngati maungu. Anagona tsiku limodzi, lachiwiri n'kukwawira kumunda kwake kukasindira miyala atakhala pansi.

Bwalo litatha, dalaivala wa basi yathu, a Sikkandar, Msilamu wa kutauni yemwe analibe nazo kanthu za kumtunda ndi kumunsi, anabwera kudzaliyesa. Anazungulira kamodzi, basi n'kuyang'ana komwe yachokera popanda kubwerera m'mbuyo.

"Aise, pano nditha kutembenuzapo ngakhale sitima," anatero atasuzumira pawindo. "Unaphunzira kuti zimenezi?"

"Kusukulu ya nyundo," anayankha Irulandi, ndipo ndinamuona akuseka kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho.

Mkulu wa ku ofesi uja analemba, poti anali atalonjeza pamaso pa anthu.

Tsiku loyamba basi inafika pamunda wa Irulandi nthawi ya sikisi koloko m'mawa. Tinaikoleka nkhata zamaluwa, tinaika mandimu pansi pa matayala kuti iwaphwanye ponyamuka monga mwa mwambo wathu, ng'oma zinalira. Tinakwera anthu okwana makumi anayi, ena opanda n'chochita komwe kutauni. Ine ndinali ndi dengu langa la ndiwo zamasamba zokagulitsa. Tinakhala pamipando. Nkhalamba Chellan, chibwano chitamangidwa nsalu, inkadumphadumpha pampando kuyesa kufewa kwake, akazi akuiseka kuti agogo samalani mungathyole katundu wa boma. Irulandi anakhala pampando wachitatu kuchokera kutsogolo, thaulo lili paphewa, nsapato zili kumapazi.

Titazungulira dziwe kuseka kunayamba kuchepa. Titafika pa bwemba kunatheratu. A kumtunda anali ataima chete, ochuluka kuposa masiku onse, ndipo zinkaonekeratu kuti nkhanga zinapangana kusanache. Woyamba kukwera anali Sangili, tsopano bambo wamkulu wa ndevu zapamlomo zopotapota. Sanakalipe, sanatukwane. Anangoima pakhomo n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

Tinadzuka tonse. Palibe amene anatiuza. Miyendo inangodziwongokera yokha monga inazolowerera, amuna n'kutsitsa mathaulo paphewa. Inenso ndinadzuka, dengu lili pachifuwa, maso ali pansi. Anthu makumi anayi amene tinavina m'mawa womwewo tinathithikana kumbuyo, mipando n'kutsala yopanda anthu. Wokhala anatsala mlongo wanga yekha.

"Irulandi," anatero Sangili mofatsa, "miyendo ikupweteka?"

"Ayi, ili bwino. Kaya yanu, bwana?"

"Dzuka."

"Ndalipira ngati inu nomwe. Mipando ilipo yambiri, sankhani."

"Bambo ako anali munthu waulemu."

"N'chifukwa chake anafa opanda nsapato."

Anamugwira anthu anayi. Anakakamira chitsulo cha mpando ndi manja ake aja, mpaka anachita kumumenya zala ndi ndodo kuti asiye. Anamukokera panja, kumugwetsa pansi pa bwemba womwe uja. Awiri anamukhalira pachifuwa, wina anamuwongola mwendo wamanja. Sangili anatenga chikwanje kwa mnzake.

"Poti miyendoyi sukuigwiritsa ntchito," anatero.

Anatema katatu pansi pa bondo. Ine ndinali pawindo. Sindinakuwe, sindinatsike. Amene anatsika ndi a Sikkandar, ndi chitsulo chomasulira matayala m'manja, akutukwana m'dzina la Mulungu wawo. Iwo ndi kondakitala anamunyamula Irulandi, kumugoneka pakati pa mipando, kumanga ntchafu ndi thaulo, n'kuthamangitsa basi mpaka kuchipatala osaima paliponse. Magazi ankayenderera pansi kubwera kumbuyo komwe tinaima, ndipo tinkasuntha mapazi kuwapewa. Ulendo wonsewo palibe amene anakhala pampando.

Mwendo anaudula. Sangili anakhala m'chitokosi miyezi iwiri n'kutuluka, chifukwa pa anthu makumi anayi panalibe amene anaona kanthu. Ntchito ya m'minda inali ya a kumtunda, madzi a m'dziwe anali awo, ndipo aliyense anali ndi ana. Woweruza atandifunsa ine ndinati ndinkayang'ana pansi. Ndinanama theka lokha, koma manyazi ake sanandichoke.

Basi sinasiye kubwera, popeza zinali zolembedwa. Inkatembenukira pamunda wa Irulandi kawiri pa tsiku, ife n'kukwera oyamba. Poyamba tinkakhala mpaka padziwe kenako n'kudzuka. Pambuyo pake tinaona kuti n'kuvutika chabe, tinkangolowa n'kupita kukaima kumbuyo. Mookayi anayamba kukapalira m'minda ya kumtunda ngati akazi ena onse.

Irulandi anabwera kuchokera kuchipatala patatha miyezi itatu, ataonda, ali ndi ndodo ya m'khwapa. M'mawa wotsatira anakwera basi n'kukhala pampando wachitatu uja. Ndinamutsatira mtima uli m'mwamba. Pa bwemba, mnyamata wina wa kumtunda anamuloza, koma Sangili anamugwira mkono.

"Msiyeni. Ndi wolumala uyu, akhale. Ife si nyama zakutchire ayi." Ndipo anatembenukira kwa mlongo wanga. "Khala bwinobwino, Irulandi. Mpando umenewu ndi wako tsiku lililonse, ndakupatsa ine."

A kumtunda anagwedeza mitu kuyamikira chifundo cha bwana wawo. Ena a kwathu omwe, kumbuyo kuja, ndinawamva akuti koma bwanayu ali ndi mtima wabwino.

Chikwanje sichinamulize mlongo wanga, koma tsiku limenelo analira. Atafika kunyumba anaswa miphika yonse imene apolisi anasiya, anamenya khoma ndi chibakera mpaka dothi linagumuka. Ana anathawira kwanga. Ndinamupeza atakhala pansi pakati pa mapale.

"Wamva, Pechi? Wandipatsa iye. Munda ndapereka, mwendo ndapereka, ndipo chomwe ndagula ndi mpando wa opunduka."

"Ndiye mukufuna chiyani, achimwene? Apereke mwendo winawo ndani? Basi ikubwera, ana akupita kusukulu osayenda wapansi. Sizokwanira?"

"Ikubwera kudzanyamula anthu oimirira."

Panapita masiku atatu. Tsiku lachinayi m'mawa anaima pakhomo panga.

"Nyamula dengu lako."

M'basi anandikankhira pampando wachitatu, kuwindo. Iye sanakhale. Anaima pakanjira, ndodo m'khwapa, dzanja lina litagwira chitsulo, kutchinga mpandowo. Ndinazindikira zimene ankafuna.

"Achimwene, ine ndili ndi ana."

"Inenso ndili nawo."

"Andipha."

"Kaya. Koma tamva, Pechi. Kaya kuchitike chiyani, ukadzuka pamenepo, usadzanditchulenso kuti achimwene. Ngakhale pamaliro anga usadzabwere."

A Sikkandar anatiyang'ana pagalasi, n'kupukusa mutu, n'kuliza injini. Mookayi anali kumbuyo ndi anthu ena, khasu lili m'manja.

Pa bwemba Sangili anakwera, n'kuima. Anayang'ana wolumala ataimirira, anayang'ana ine nditakhala. Miyendo yanga inayamba kuwongoka yokha ngati tsiku lija, ndipo ndinachita kuikanikiza ndi dengu.

"Iwe Pechi, wadwala?"

Anayankha ndi mlongo wanga.

"Sanadwale. Miyendo ali nayo iwiri, yabwinobwino. Wangokhala."

"Mpando ndinapatsa iwe."

"Sunali wako."

Sangili anatambasula mkono pamwamba pa phewa la Irulandi n'kundiwomba khofi. Khutu linalira, dzino linandiboola tsaya. Asanabweze dzanja, Irulandi anamukhoma ndi ndodo ija pamphuno, magazi n'kuthovoka pamalaya oyera. Koma munthu wa mwendo umodzi akakweza ndodo watsala ndi chiyani? Anagwa chagada pakanjira, pafupi ndi mapazi anga, ndipo anamuunjikira. Malo anali ochepa, zikwanje sizikanatheka, choncho ankamuponda. Ankagwira zitsulo zam'mwamba kuti apeze mphamvu, n'kumamuponda pachifuwa, pamimba, pachitsa cha mwendo chomwe chinali chisanapole bwino.

Ndinaponya dengu kuti ndimugwere pamwamba, ndimutchinge. Ndinali nditadzuka kale theka. Dzanja lake linatulukira pakati pa miyendo ya anthuwo n'kundigwira pakakolo, mwamphamvu ngati akugwira mwala woti aswe.

"Khala," anatero, magazi ali m'kamwa. "Khala pansi, Pechi."

Ndinakhala. Wina anandikoka tsitsi, wina anandimenya chibakera pakamwa mano awiri n'kuthyoka, koma ndinakoleka mikono kuchitsulo cha mpando wakutsogolo osasiya. Ndinkamva nthiti za mlongo wanga zikuthyoka pansi panga, ndipo dzanja lake silinandisiye mwendo.

Kenako ndinamva khasu likugwa kumbuyo. Mookayi anadutsa pakati pa anthu, nkhope ili gwa, n'kudzikhazika pampando wa kuseri kwanga. Nkhalamba Chellan inakhala. Akazi awiri ogulitsa nsomba zouma anakhala. Ena anatsatira, osati onse, mwina khumi ndi asanu, wina akulira mokweza. A kumtunda anasiya kuponda n'kuyang'ana uku ndi uku, osadziwa woti ayambe naye. A Sikkandar anatsekereza pakhomo ndi chitsulo chawo chija.

"Amene akupita kutauni apeze pokhala kapena pogwira," anatero. "Amene sakupita atsike. Ine ndikunyamuka."

Sangili anatsika atagwira mphuno, anthu ake pambuyo. Kwa chaka chathunthu a kumtunda ankayenda wapansi makilomita asanu ndi awiri kukakwerera kumsewu waukulu, mpaka dzuwa linawaphunzitsa kukhala pambali pathu.

Irulandi sanazione zimenezo. Nthiti zinamuboola mapapo, ndipo anamwalira m'chipatala patapita masiku asanu ndi anayi. Ulendo uno mboni zinapezeka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ine woyamba, ndipo Sangili anakakalambira kundende. Tsiku lachiwiri ali m'chipatala mlongo wanga anatsegula maso n'kundifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati ndinafika kutauni ndili chikhalire. Ndinati eya. Anati chabwino, n'kupempha madzi.

Masiku ano achinyamata akamachita misonkhano yawo amandiitana, kundikoleka maluwa, n'kumauza anthu kuti awa ndi amayi olimba mtima amene anakana kudzuka. Ndimangowayang'ana. Ine chimene ndimadziwa n'chakuti mwana wa mayi anga ankapondedwa pamapazi panga, ine manja ndili nawo awiri, miyendo iwiri, ndipo ndinakhala pampando mpaka anamaliza.